Lipoti la nkhani: dalaivala wa ku mgodi amene anasiya kugona podikira lista ya ochotsedwa ntchito

Ndalemba lipotili eni nkhani atandilola. Dzina lawo, mudzi wawo ndi kampani imene amagwirako sinditchula. Ndiziwatcha bambo a mapasa, monga amawaitanira akazi awo. Ine ndine mlangizi wa mabanja pa kaofesi kakang'ono ku Moatize, tawuni ya migodi ya malasha m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndikulembera makamaka anzanga pa ntchitoyi, akulu a mpingo ndi atsogoleri a sindikatu (bungwe la antchito), chifukwa anthu onga bambowa amafika kwa ife tonse, ndipo kawirikawiri amafika akudandaula china osati chimene chikuwadya.

Mmene anafikira

Ndi bambo wa zaka 41, kwawo ku Angónia, cha ku Domwe. Amayendetsa zimagalimoto zija zotuta dothi ndi malasha mu mgodi, ndipo pa kampani imeneyi anali atatha zaka 9. Ana alipo anayi, mapasawo ali ku sekondale. Ku Moatize amakhala nyumba ya lendi, pomwe ku Ulongwe akumanga yawo, imene inaima pa mawindo.

Anabwera mu Okutobala, dzuwa la kuno likuwotcha mwala, atatumizidwa ndi mkulu wa mpingo wawo. Anati mutu ukuwawawa ndipo mtima ukugunda ngati athamanga. Za ntchito sanatchule. Ndinawafunsa kuti amagona bwanji. Anati akagona kwambiri ndi maola atatu. Ndinafunsanso kuti akadzuka pakati pa usiku amachita chiyani. Anatulutsa foni, n'kundionetsa gulu la WhatsApp la antchito anzawo.

M'gulumo munali mawu ojambula ambirimbiri. Wina akuti lista ya anthu oti achotsedwe ntchito yatuluka kale, ili mu kabati ya bwana. Wina akuti ayambira amene akhalitsa, poti ndi odula. Wina akuti ayi, ayambira atsopano. Wina akuti msuweni wake wa ku ofesi waona dzina la uje. Bambowa amamvetsera zonsezi usiku, mobwerezabwereza, ena akugona. Zinali zitatha sabata zisanu ndi ziwiri.

Aliyense wofuna kuthandiza munthu wa ku migodi ya kuno adziwe kuti mantha amenewa ali ndi pochokera. Vale, kampani ya ku Brazil, inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011. Mu Januwale 2021 inalengeza kuti ikutuluka mu malonda a malasha, ndipo mu Disembala chaka chomwecho inagwirizana zogulitsa mgodi pamodzi ndi njanji ya ku Nacala kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Ku mgodi wa Benga, pafupi ndi Moatize, kampani ya Rio Tinto inalowa mu 2011 itagula kampani ya Riversdale pa madola oposa 3 biliyoni, koma mu 2014 inagulitsa kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Mtengo wa malasha unakwera kwambiri mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, kenako n'kutsikanso. Wantchito wa zaka 9 waona zambiri mwa izi ndi maso ake. Waona yunifolomu ikusintha mtundu, waona makampani ang'onoang'ono ogwira pansi pa zazikulu akutseka mageti, anzake n'kubwerera kumudzi ndi matiresi pamwamba pa minibasi. Akamva mphekesera, sayamba ndi kukayika.

Funso limene sindilumpha

Tsiku loyamba lomwelo anandiuza mawu amene anandiimitsa. Anati, "Achimwene, nthawi zina ndikamatsika ndi galimoto m'dzenje muja ndimaganiza kuti itangogudubuzika nane, ana angalandire zambiri kuposa zimene ndingabwere nazo atandichotsa."

Ndinawafunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Anthu ambiri amaopa funsoli, amati ukalitchula umupatsa munthu nzeru yoipa. Ine pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona kuti munthu amapumira m'mwamba akapeza womufunsa. Anayankha kuti maganizowo amabwera, makamaka pa shifiti ya usiku, koma sanakonze tsiku kapena njira. Ndinafunsa zimene zili m'nyumba. Munali mankhwala opopera mbewu amene anagulira kumunda. Tinagwirizana kuti alamu awo, mchimwene wa akazi awo amene amakhala ku Matundo, abwere kudzawatenga madzulo omwewo, ndipo ndinawaimbira alamuwo bambowa ali pomwepo akumva.

Chovuta kwambiri chinali china. Munthu wogona maola atatu amayendetsa galimoto yolemera kuposa nyumba, kwa maola 12, pakati pa anzake. Apa moyo umene unali pachiswe sunali wawo wokha. Ndinati tipite ku chipatala cha pa ntchito. Anakana kwamtuwagalu. Anati, "Ndikangonena kuti sindikugona, ndadzilemba ndekha pa lista." Ndinalibe umboni woti zingatero, koma ndinalibenso umboni woti sizingatero, ndipo sindikanawalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanga. Kuwaulula kwa mabwana awo kukanaswa chinsinsi, ndipo palibe wa ku mgodi akanadzapondanso pa khomo langa. Kungokhala chete kukanakhala kusewera ndi miyoyo. Usiku umenewo inenso sindinagone bwino.

Njira tinaipeza pakati. Anavomera kupita ku chipatala cha boma m'mawa mwake, ine n'kuwaperekeza. Kumeneko anapezeka ndi kuthamanga kwa magazi, anayamba mankhwala, anaonananso ndi wachipatala woona za matenda a maganizo, ndipo anawalembera masiku opuma. Chikalata chimene anapereka ku ntchito chinali choona ndipo chinali chokwanira. Ndinawauzanso poyera kuti akadzabwerera pa chiwongolero tulo tisanabwerere, tidzakambirananso, ndipo sindidzabisa. Anavomera.

Pamene ndinalakwitsa

Pa kukumana kwachiwiri ndinawaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kusiya khofi ndi zakumwa zoletsa tulo madzulo, kuchepetsa mowa masiku opuma. Zonsezi n'zabwino. Koma potsiriza ndinanena mawu amene ndimadandaula nawo mpaka lero. Ndinati, "Musadandaule kwambiri bambo, mwina ndi mphekesera chabe."

Sabata yotsatira sanabwere. Nditawaimbira anandiyankha mwaulemu kuti atanganidwa. Ndinazindikira kuti ndawauza kuti vuto lili m'mutu mwawo, pomwe iwo amadziwa kuti lili pa geti la kampani. Ndinapita kunyumba kwawo, ndinapepesa, ndinati, "Tiyeni tiyese kuti lista ilipodi ndipo dzina lanu lilipo. Tione chimene chingachitike, ndalama ndi ndalama, tsiku ndi tsiku." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga chikwama cha mapepala pansi pa bedi.

Ntchito yeniyeni inayambira pa chikwama chimenecho.

Zimene zinali m'chikwama

Tinayamba ndi kulekanitsa zimene kampani yanena ndi zimene anthu anena. Titasefa, zotsimikizika zinatsala ziwiri. Panali msonkhano umodzi pamene akuluakulu ananena kuti ndalama zoyendetsera mgodi ziyenera kuchepa, ndipo kampani ina yaing'ono yogwira pansi pawo inali itathetsedwa kontirakiti. Zina zonse, sabata zisanu ndi ziwiri za mawu ojambula, zinalibe mwini. Sindinawauze kuti ndiye kuti kuli bata. Ndinangoti tsopano tikudziwa kukula kwa chinthu chimene tikuchiopa.

M'chikwamamo ndinapezamo kalata imene inandiziziritsa nkhongono. Anali atalemba kale yosiya ntchito, kungotsala kusaina. Anati ankafuna kuchoka okha dzina lisanawerengedwe pa gulu, chifukwa kumudzi kunena kuti "ndasiya" kumamveka bwino kusiyana ndi "andichotsa". Komanso panali munthu amene anawalonjeza ntchito ku Palma, ku Cabo Delgado, akangotumiza ndalama pa M-Pesa zoti "atsegulire khomo". Ntchito yaikulu ya gasi kumeneko inaima mu 2021 zigawenga zitaukira tawuniyo, ndipo chiyambire pamenepo dzina la Palma lakhala nyambo yabwino ya akathyali. Ndinawauza kuti ntchito yeniyeni sigulidwa pa foni, ndipo asatumize kalikonse.

Za kalatayo tinakhalapo nthawi yaitali, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka. Lamulo la ntchito la dziko lino, Lei 13/2023, limene linalowa m'malo mwa Lei 23/2007 n'kuyamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, limalola kampani kuthetsa kontirakiti pa zifukwa za msika, za makina kapena za kusintha kayendetsedwe kake. Koma silimalola kuchita zimenezi mwakachetechete. Pamafunika kalata yofotokoza chifukwa, chidziwitso cha masiku 30, kudziwitsa sindikatu ndi ofesi ya boma yoona za ntchito, ndiponso chipukuta misozi. Chipukuta misozicho amachiwerengera pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira. Amene malipiro awo ali m'gulu lotsika amalandira malipiro a masiku 30 pa chaka chilichonse, ndipo masikuwo amachepa malipiro akamakwera. Wosiya yekha popanda chifukwa chovomerezeka salandira zimenezi. Bambowa akanasaina kalata ija akanataya zaka 9 ndi dzanja lawo, pofuna kupewa manyazi a tsiku limodzi.

Ine si loya, ndipo ndinawauza choncho. Ndinawatumiza kwa mlembi wa komiti ya sindikatu pa ntchito pawo kuti awawerengere gulu limene malipiro awo akugwera. Ndinawalembera pa kapepala malo atatu oti akagogode zikavuta: kwa oyendera malo a ntchito a Inspecção Geral do Trabalho, ku CEMAL kumene amayanjanitsa olemba ntchito ndi antchito nkhani isanafike ku khoti, ndi ku IPAJ kumene boma limathandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya. Ndipo tinapangana chinthu chimodzi chimene anachibwereza okha katatu: pepala lililonse limene angapatsidwe ku ofesi, sasaina tsiku lomwelo. Apempha kope, apita nalo kunyumba, alionetsa kwa wodziwa. Madzi akatayika saoleka.

Tinayang'ananso za INSS, bungwe la boma loona za penshoni za antchito. Mwezi uliwonse kumapita 7 peresenti ya malipiro, 3 ya wantchito ndi 4 ya kampani. Bambowa ankakhulupirira kuti akachotsedwa azilandira kangachepe kuchokera kumeneko. Sizili choncho. INSS ilibe malipiro a munthu amene wangotaya ntchito. Penshoni ya ukalamba imabwera mwamuna akafika zaka 60, mkazi 55, atasonkha miyezi 240. Titatsegula mbiri yawo pa foni kudzera pa M-Contribuição, tinapeza kuti miyezi ya pa kampani ya tsopanoyi ili yonse, koma kampani ina yaing'ono imene anagwirako kale inkawadula ndalama osazipereka kwa miyezi yoposa khumi. Nkhani imeneyo anakaidandaula ndipo ikadali m'njira. Anadziwanso kuti munthu akachoka pa ntchito atha kupempha kupitiriza kusonkha yekha kuti miyezi yake isaime. Uthenga woti kulibe cholandira unawapweteka, koma ndinaona kuti ndi bwino aumve ali pa mpando wa mu ofesi yanga kusiyana ndi kuumva ataima pa mzere ndi kalata yochotsedwa.

Mayi a mapasa

Ngongole zinali zitatu: ya ku banki imene imadulidwa pa malipiro asanafike m'manja, ya katapila imene anatenga pogula malata, ndi chipeleganyu cha anzawo a pa shifiti. Pamwamba pa izo panali mtolo umene sulembedwa pa pepala lililonse. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, mabanja asanu a kumudzi amayang'ana kwa iwo kuti awagulire feteleza. Ndinafunsa ngati mayi akudziwa zonsezi. Anaweramitsa mutu. Anati mwamuna sabweretsa mantha m'nyumba.

Zinatenga sabata ziwiri kuti avomere kubwera nawo. Mayiwo analowa, anakhala pansi pa mkeka ngakhale mpando unalipo, anamvetsera mwamuna wawo akufotokoza movutikira. Atatha, mayiwo anakhala chete, kenako anati, "Bambo a mapasa, ndiye nkhani yake ndi imeneyi? Ine miyezi iwiri yonseyi ndimayesa mwapeza mkazi wina. Foni usiku, kutuluka panja, nsima osadya, kundikalipira popanda chifukwa. Ndinafika pokauza ankhoswe." Analira onse awiri. Ine ndinatuluka kukatunga madzi akumwa, ndinachedwako dala.

Nditabwerera, zinthu zinali zitatembenuka. Mayiwo, amene bambowa ankawateteza ku nkhaniyi, ndiwo anali ndi mapulani. Kwa zaka zitatu akhala akuoda mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumagulitsa pa msika, ndipo anali ndi masheya ku banki mkhonde amene mwamuna wawo sankadziwa kuchuluka kwake. Sizinali ndalama zolowa m'malo mwa malipiro a ku mgodi, ndisanamize munthu. Koma zinali zokwana kutseka katapila, amene ndiye ankadya kwambiri. Anatero mwezi womwewo. Nyumba ya ku Ulongwe anagwirizana kuti iime kaye pomwe yaimapo. Ku banki anapita limodzi kukafunsa chimene chimachitika ndi ngongole munthu ntchito ikatha, komanso ngati inshulansi imene amadulidwa imakhudza zimenezo, ndipo yankho anapempha kuti liwalembedwe.

Ndaona izi kambirimbiri, ndipo zimandipweteka nthawi zonse. Mwamuna amabisa poganiza kuti akusunga banja, pomwe kubisako n'kumene kukuligwetsa, ndipo munthu amene akanamuthandiza kwambiri wagona pambali pake akudzifunsa chimene walakwa.

Za feteleza zinali zovutirapo, chifukwa pamenepo pali ulemu wa munthu pa mudzi. Anapita ku Domwe kumapeto kwa Novembala kukaonana ndi atsibweni awo. Ndinawalangiza kuti asapite ndi bodza loti malipiro achedwa, anene zoona. Anabwerako akuti mkuluyo anawamvetsera, n'kunena kuti, "Mphwanga, watisenza zaka zambiri. Chaka chino gulira amayi ako okha, enafe tiona." Si abale onse anakondwa. Mlongo wawo mmodzi sanawalankhule mpaka Khirisimasi. Zimenezo sindinazithetse, ndipo sindikuganiza kuti zinali zanga kuthetsa.

Foni, tulo ndi ntchito ina

Gulu la WhatsApp sanatulukemo, ndipo sindinawakakamize, poti nkhani zenizeni za shifiti zimadzeranso momwemo. Tinapangana kuti azilitsegula kamodzi patsiku, masana, ndipo usiku foni izigona m'chipinda cha ana. Akamva mphekesera yatsopano azifunsa funso limodzi: wanena ndani, ndipo pepala lake lili kuti? Pofika mu Disembala ankagona maola asanu kapena asanu ndi limodzi, magazi anatsika, ndipo maganizo a galimoto yogudubuzika ankati amabwera mwa apo ndi apo n'kudutsa. Ndinkawafunsa za maganizowo pa kukumana kulikonse, osadumphitsa.

Poyamba ndinkaganiza kuti njira yawo ndi kubwerera kumunda, poti nthaka ya ku Angónia ndi yabwino ndipo chimanga, soya ndi fodya zimachita. Iwo anandikonza. Anati munda ndi wodyetsa banja, koma sungalipire sukulu ya ana anayi chaka choyamba, ndipo luso lawo ndi chiwongolero. Chimene tinapeza n'chakuti ziphaso zoyendetsera makina a mu mgodi sizokwanira pa msewu wa boma. Anayamba kukonza layisensi ya magalimoto olemera, poona kuti msewu wodutsa pa mlatho wa Kassuende kupita ku Zobwe ndi ku Cuchamano sutha malole. Anasonkhanitsanso masatifiketi awo onse a maphunziro a chitetezo, n'kuwajambulitsa makope.

Mmene zilili tsopano

Kumapeto kwa Januwale makalata anatulukadi. Anthu anali ochepa kusiyana ndi mmene mphekesera zinkanenera, koma anali anthu. Bambo a mapasa sanalandire. Analandira ndi mnzawo wa pa shifiti imodzi, amene ankadyera naye mbale imodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinkayembekeza kuti abwera akusangalala. Anabwera atakhumata. Anati akulephera kumuyang'ana mnzawoyo m'maso, ndipo tulo tinasokonekeranso kwa sabata imodzi. Izi zimachitika kwa otsala, ndipo alangizi timaziiwala chifukwa maso athu amathamangira kwa ochotsedwa. Ndinawafunsa chimene ali nacho chimene mnzawoyo alibe. Anaganiza, n'kutulutsa kapepala kaja ka malo atatu, katatha m'mphepete chifukwa chokhala m'thumba. Madzulo omwewo anapita kwa mnzawoyo. Anapeza kuti wapatsidwa pepala la mgwirizano loti asaine m'mawa mwake. Anamuuza kuti apemphe kope, aonetse kaye kwa a sindikatu. Mnzawoyo tsopano ndikumuona payekha, ndipo nkhani yake si ya lipoti lino.

Takumana kokwana kakhumi ndi kawiri. Mankhwala a magazi akumwabe. Mowa anachepetsa koma sanasiye, ndipo mayi a mapasa amandiuza akaona kuti wayambanso kuchuluka. Ngongole ya ku banki yatsala chaka ndi miyezi. Mayeso a layisensi analephera koyamba, abwerezanso mwezi wamawa. Ku mgodi kwayambanso kumveka kuti kudzakhala lista yachiwiri pakati pa chaka, ndipo ulendo uno anabwera okha kudzandiuza, tsiku lomwe anamva, mayi ali nawo limodzi. Tapangana kuti tizionana kamodzi pamwezi, ndipo tulo tikatsika pansi pa maola anayi kwa masiku atatu otsatizana, aimbe foni osadikira tsikulo. Mankhwala opopera aja akadali ku Matundo kwa alamu awo.